A Chiphaniphani ndi Nyale Yofiira

Dzina lakuti Chiphaniphani anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, ndipo linawakanirira moti ngakhale ana awo, akamva mlendo akulitchula pageti, ankangoyankha kuti alipo, lowani. Linachokera ku chipinda chimene ankagwiramo ntchito, chipinda chopanda zenera, chozizira ngati m'firiji, chodzaza makabati achitsulo otalika kuposa munthu. M'makabatimo munali makina odutsitsa mauthenga a mafoni ndi makompyuta a m'maofesi, m'masukulu, m'masitolo ndi a pachipatala chachikulu. Kumaso kwa makina alionse kunali tinyale tating'ono ngati mitu ya machesi, tothwanima tsiku lonse. Ntchito ya a Chiphaniphani inali kumva zimene tinyaleto tikunena, n'kuuza anzawo akunja koti athamangire. Kaya kunja kutenthe bwanji, iwo ankapita kuntchito ndi juzi m'chikwama, ndipo anzawo a mu minibasi ankawayesa wodwala malungo.

Tinyaleto ankatimvadi, tisawanamizire mdala. Makina akale aja anali olankhula mosabisa mawu. Nyale iliyonse inali ndi malo ake, ntchito yakenso imodzi. Yoyambirira kumanzere inali ya magetsi. Yotsatira inali ya chingwe: ikamaphethira mofulumira, mauthenga akudutsa, ikangoyaka osaphethira, chingwe chili moyo koma palibe chikuyendamo, ikazima, ndiye kuti chingwe chaduka penapake, kawirikawiri pamene okumba ngalande achikhapa ndi khasu. Panali ina imene ikayaka inkatanthauza kuti kuno kuli bwino, amene akudandaula ndi makina a kutsidya, kumapeto ena a chingwe. Ndiye kumapeto kwenikweni, payokha, panali nyale ya vuto lalikulu. Imeneyo inkatha miyezi ili yozima, koma ikayaka, belu linkalira mpaka wina adine batani. A Chiphaniphani ankangolowa, kuima pakhomo manja kumbuyo, kuponya diso uku ndi uku, basi n'kunena kuti, "Chingwe cha kusukulu chadwala, koma matenda ali kutsidya. Musavutike kutsegula kabati." Ukatsatira, unkapeza zilidi choncho.

Chimene anzawo sankadziwa n'chakuti munthu wotchuka ndi masoyu anabadwa wosasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Kwa iwo mitundu iwiriyi inali umodzi, wofanana ndi tiyi wochepa masamba. Tinyale ankatiwerenga ndi malo ake ndi kaphethiridwe kake, monga ankawerengera maloboti a pamsewu: likayaka getsi lam'mwamba ima, likayaka lam'munsi pita. Kubisa anayamba ali mwana. Tsiku lina kusukulu anajambula mtengo, masamba n'kuwapaka ofiira psuu, thunthu lobiriwira, mumtima akuti lero ndachita bwino. Mphunzitsi ananyamula pepalalo m'mwamba kuonetsa kalasi yonse, ndipo anzawo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kuyambira pamenepo anaphunzira kudikira kuti wina ayambe watchula mtundu, iwo n'kuvomereza. Polowa ntchito palibe anawayeza maso, poti kalelo ankangoona ngati munthu ali ndi mapewa onyamulira makwerero. Ntchito yolumikiza timawaya tamitundumitundu ankaizemba ponena kuti zala zawo n'zazikulu, ndipo pang'ono ndi pang'ono anadzipezera malo m'chipinda chozizira chija, m'mene maso awo sankawaulula.

Ankadziwa ndi munthu mmodzi yekha, akazi awo. Anatulukira ukwati ukadali watsopano, chifukwa cha tomato. Akawatuma kumsika, bambo ankabwera ndi tomato wosapsa, wolimba ngati miyala, n'kumutula patebulo monyadira. Zitachitika kangapo, mayi anaika tomato muwiri m'mbale n'kunena kuti, "Musagwire. Ingolozani wakupsa." A Chiphaniphani anayang'ana, anayang'ana, kenako anazyolika. Mayi sanaseke. Anangoti, "Chabwino, za kumsika zisiyeni." Kuchokera tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankawaikira zovala pampando: shati, thalauza ndi masokosi ogwirizana. Ana anakula akudziwa kuti atate awo satumidwa tomato chifukwa ogulitsa amawapusitsa ndi kukoma mtima kwawoko. Nkhaniyi inkasekedwa panyumba, bambo n'kumaseka nawo, kuseka kwa pamilomo pokha.

Amene ankaiseka kwambiri anali mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo. Mlamuyu anakulira m'nyumba mwawo makolo atamwalira, ndipo ndi a Chiphaniphani amene anamukokera ku ntchito ya zingwe. Anaphunzira n'kukhala wolumikiza zingwe za faiba, zija zokhala ndi timitsitsi tagalasi m'kati. Ankayenda pagalimoto ya kampani atavala ovolosi ndi chipewa cholimba, n'kumatsikira m'maenje a zingwe m'mbali mwa misewu, momwe amuna ena ankachita mphwayi kulowamo. Ana ake ankawalera yekha, bambo wa anawo atalowera kosadziwika. Iye ndi a Chiphaniphani pafoni sankapatsana moni wabwinobwino ngati anthu ena onse.

"Amuna anga, muli moyo m'firiji mwanumo?" ankayamba choncho mlamu.

"Ndili moyo, mkazi wanga wamng'ono. Lero mwadula chingwe cha ndani?"

Kenako kampani inagula makina atsopano. Anali aang'ono, okongola, osatentha, ndipo aliyense anawayamikira kupatula munthu mmodzi. Amene anawapanga anaona kuti tinyale tambirimbiri n'kuwononga malo. Chingwe chilichonse anachipatsa nyale imodzi yokha, yosintha mtundu: ikabiriwira zili bwino, ikachita chikasu pali kavuto, ikafiira chingwe chafa. Malo ndi omwewo, kuphethira kulibe. Belu analichotsa, ati machenjezo azidzapita okha ku makompyuta a m'maofesi a m'mwamba akadzamaliza kulumikiza zonse, ndipo kumalizako kunali kusanafike. Tsiku loyamba a Chiphaniphani anaima patsogolo pa kabati yatsopano n'kuona mzere wa tinyale tofanana tonse. M'chipinda chozizira chija anamva thukuta likutsika kumsana.

Nzeru ina anaipeza. Anayamba kuyenda ndi laputopu. Akafunsidwa za chingwe, ankailumikiza ku makina n'kuwerenga mawu, poti makinawo ankalembanso m'kati zonse zimene nyale inkanena. Zinkatenga kanthawi, koma anthu anazitenga ngati khama. "Mdala uja safuna zachidule," ankatero bwana wawo ponyadira. Mawu amenewa ankawalasa, koma ankangomwetulira.

Tsiku la tsoka kunacha ndi mitambo. Msewu wopita kuchipatala chachikulu unkakuzidwa, ndipo chingwe cha chipatalacho chinafunika kuchidula n'kuchidutsitsa pena. Chipatala chinali ndi zingwe ziwiri zodzera njira zosiyana, chachikulu ndi chapadera, kuti china chikafa chinzake chinyamule katundu. Lamulo la ntchito ankalidziwa aliyense: usanadule chachikulu, imba kuchipinda cha makina, ufunse ngati nyale ya chapadera ili yobiriwira. Ukamva yankho ndi khutu lako, dula.

Foni inalira a Chiphaniphani ali m'chipindamo opanda laputopu. Anali ataisiya m'mwamba kuti aiikire mapulogalamu atsopano.

"Amuna anga, ndili m'dzenje, mvula yayamba," anatero mlamu, kumbuyo kukumveka mahutala a magalimoto. "Chapadera cha kuchipatala, kabati yatsopano. Nyale ikuti bwanji?"

"Dikirani pang'ono, ndikatenge laputopu."

"Aa, alamu! Mwakalamba kodi? Kuyang'ana nyale kokha mpaka kompyuta? Madzi akulowa muno, magalimoto tawaimitsa, anthu akutitukwana. Tangoponyani diso."

Anaponya diso. Nyaleyo inkayaka, mtundu wake uja wa tiyi. Pafupi nawo, poti akanatambasula mkono akanawakhudza, panali mayi wokolopa, atawerama ndi chikolopa chake pansi pa kabati. Mayiyu anali ndi maso awiri abwinobwino. Kunali kungoti, "Mayi, nyale iyi mukuiona yotani?" Koma a Chiphaniphani, munthu wodziwika m'maofesi onse chifukwa cha maso, afunse wokolopa mtundu wa nyale? Pofika masana nkhani ikanakhala itafika kuti? Anadziuza kuti dzulo lomwe chingwecho chinali bwino, ndipo zingwe zapadera sizifa wamba.

"Yobiriwira," anatero.

"Ndadula," anayankha mlamu.

Pasanapite nthawi mafoni onse a m'mwamba anayamba kulira ngati kwagwa maliro. Chingwe chapadera chinali chitafa m'mawa womwewo, makoswe atachitafuna penapake, ndipo nyale yake inali yofiira psuu chiyambire. Chipatala chonse chinakhala chopanda foni, chopanda kompyuta. Zotsatira za magazi sizinafike kwa madokotala, mankhwala sanatuluke pawindo, ndipo anthu amene analawirira kudzakhala pamzere anabwezedwa kuti abwere tsiku lina. Mwamwayi palibe anataya moyo. Mlamu analumikizanso chingwe chimene anadula chija mvula ikumukhuthukira pamsana, ndipo pomwe chinkadzuka, tsiku linali litapita.

Mawa lake bwana anawaitana onse awiri mu ofesi yake. Makina anali ataulula kale kuti chapadera chinafa chachikulu chisanadulidwe. Mlamu anakana mpando, anangoima, maso ali otupa.

"Ndinaimba, bwana. Ndinatchula chapadera cha kuchipatala. Anandiuza kuti yobiriwira."

Bwana anapukusa mutu. Zoti a Chiphaniphani angaone chofiira n'kuchitcha chobiriwira sizinamulowe m'mutu n'komwe. Anatembenukira kwa mdala mwaulemu.

"Akulu, inu sindikukukayikirani. Kapena mayiwa, pothamangitsana ndi mvula, anatchula chingwe china, inu n'kuyang'ana nyale imene anatchulayo?"

Njira yothawira inabwera yokha, yotakata, ndipo a Chiphaniphani anaitenga.

"Mwina, bwana," anatero akuyang'ana nsapato zawo. "Kunali phokoso la magalimoto."

Mlamu anatembenukira kwa a Chiphaniphani. Anangowayang'ana. Bwana anamuuza kuti atule makiyi a galimoto, akakhale kunyumba mpaka tsiku lokaonekera kwa mabwana aakulu. Aliyense pakampanipo ankadziwa kuti wodula chipatala sabwerera pantchito.

Masiku otsatira a Chiphaniphani ankapita kuntchito monga mwa nthawi zonse. Anzawo ankawapepesa m'makonde, amvekere, "Pepani mdala, achibale amachititsa manyazi." Iwo n'kumagwedeza mutu, kulandira chipepeso pa mlandu umene anapalamula okha. Manyazi a kusukulu aja anali achibwana. Awa anali oti pometa ndevu munthu uziyang'ana chibwano chokha, kuopa kukumana maso ndi amene ali pagalasiyo. Komabe pakamwa sanatsegule. Tinene zoona, ankayembekeza kuti nkhani izizira yokha, mlamu apeza ntchito kwina, moyo upitirira.

Loweruka mlamu anabwera kudzalira kwa mkulu wake. A Chiphaniphani atamuona akulowa pageti anazembera kuseri, ati akukagula mababu. Pobwerera anapeza mlendo atapita, akazi awo ali pakhonde akupinda zovala, osatukula mutu.

"Wandiuza zonse," anatero mayi. "Akuti anakufunsani mtundu wa nyale."

"Kunali phokoso, mayi a ana."

"Za phokosozo kauzeni abwana anu. Ine ndine wa tomato uja."

Mayi anapinda shati, anaisalaza ndi chikhatho, n'kuiika pamwamba pa zinzake.

"Zaka zonsezi ndakubisirani, sindinadandaulepo. Ndinkati ndikuphimba mwamuna wanga. Lero mwana amene ndinamulera ndi manja angawa wakhala apa akudzifunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino, poti sangakhulupirire kuti inu munganame. Ine yankho lili m'kamwa, ndangomupatsa madzi akumwa. Mwandisandutsa chiyani, bambo?"



"Sindimuuza," anapitiriza mayi. "Si nkhani yanga. Koma zokuthandizani kubisa ndasiya."

Lolemba m'mawa pampando panalibe kanthu. Anatsegula kabati ya zovala, munthu wa imvi zake, n'kuima ngati mlendo m'chipinda chake chomwe. Anasankha zimene anaziona ngati zogwirizana. Mwana wawo wamkazi atawaona anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope ya amayi ake anatsekanso. Mu minibasi anthu ankawayang'ana m'mapazi. Mpaka lero sadziwa kuti tsiku limenelo anavala masokosi a mitundu yanji.

Sanakakhale pampando mu ofesi ya bwana kuti afotokoze, poti ankadziwa kuti mawu akawathera panjira. Anangomupempha kuti atsike nawo kuchipinda cha makina. Anaima patsogolo pa kabati yatsopano ija.

"Bwana, pa tinyale iti, pali kofiira?"

Bwana anawayang'ana modabwa. "Ako, ka chingwe cha kusitolo chimene tinachizimitsa dala. Bwanji?"

"Ine sindikukaona. Ndikungoona kuti tonse tikuyaka, basi. Chofiira ndi chobiriwira sindinasiyanitsepo chibadwire. Mlamu wanga anatchula chingwe choyenera, ndipo ndinamva bwinobwino. Ndinayankha mongoganiza."

Bwana anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Akulu, zaka zonsezi? Makina awatu amatheka kuwauza kuti nyale ikafiira iziphethira. Ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Mukanangonena."

Mawu opweteka anamva ambiri tsiku limenelo, koma awa ndiwo anawafika pamtima. Moyo wonse anasenza katundu woti akanamutula ndi mawu ochepa chabe.

Mlamu anabwezeredwa makiyi ake. A Chiphaniphani anadzudzulidwa kolimba pamaso pa mabwana aakulu, koma poona imvi ndi zaka zimene anatumikira, anawasiya pantchito. Nyale anazisinthadi kuti zikafiira ziziphethira, ndipo mdala anayambanso kuwerenga makabati ataima pakhomo, manja kumbuyo. Nkhani ya maso inafala, anthu anaikamba masiku ochepa n'kuiiwala. Ena mpaka anayamba kutchula amalume awo amenenso sasiyanitsa mitundu koma akudya bwinobwino. Chimene a Chiphaniphani anachiopa kuyambira ali pasukulu chinadutsa osawagwetsa, ndipo zimenezi zinangowonjezera manyazi.

Anapita kunyumba kwa mlamu kukapepesa, chipewa chili m'manja. Mlamu anawapatsa mpando, anatuma ana kukasewera panja, n'kumvetsera mpaka anamaliza.

"Za maso ndamva, ndipo si mlandu," anatero mofatsa. "Mukanandiuza ndili m'dzenje muja, ndikanadikira, ngakhale madzi afike m'chiuno. Nyale ija simunaione, chabwino. Koma mu ofesi muja, ine munandiona."

Anawaperekeza mpaka pageti, mwaulemu wonse, monga aperekezera mlendo.

Patapita miyezi, msewu wina unkakuzidwa, ndipo foni inalira m'chipinda chozizira chija.

"Muli bwanji, bambo," anatero mlamu. Za amuna anga zija zinali zitatha, tsopano anali bambo. "Chapadera cha kusukulu. Nyale ikuti bwanji?"

A Chiphaniphani anayang'anitsitsa. Nyale sinkaphethira. Analumikizanso laputopu, ndipo mawu a m'kati anagwirizana ndi nyale.

"Chili moyo. Nyale sikuphethira, ndawerenganso pakompyuta. Mutha kudula."

Kutali kunamveka hutala ya galimoto.

"Zikomo," anatero mlamu. "Pali munthu wina pafupi?"

Anayang'ana uku ndi uku. M'chipindamo munali mayi wokolopa uja yekha. Anawaitana, anawalozera nyaleyo ndi chala, n'kuwapatsa foni. Mayiyo anapukuta dzanja pa epuloni, n'kupatsira a Chiphaniphani chikolopa kuti awagwirire.

"Yobiriwira," anatero mayiyo pafoni. "Eya, ndikuiona bwinobwino."

A Chiphaniphani anaima pambali atagwira chikolopa, madzi akudonthera pa nsapato zawo, mpaka awiriwo anamaliza kulankhula.